Maina a pa Khoma: Ulendo wa ku Balaka ndi Machinga

Amene anayendapo pa msewu wa ku Balaka m'miyezi ya chilimwe akudziwa matumba oyera aja amene amaimikidwa m'mbali mwa msewu kudikira ogula. Mlendo angayese ndi ufa wa chimanga, koma ndi laimu. Kufupi ndi tauniyi kuli mapiri a Chenkumbi, kumene anthu akhala akuphwanya miyala kwa zaka zambiri, naiotcha m'mauvuni usana ndi usiku, kenaka naithira madzi kufikira itasanduka ufa woyera mbee. Laimu wotere ndiye amayeretsa makoma a sukulu ndi a nyumba zathu zopemphereramo, makamaka Khrisimasi ikayandikira, kapena kukamveka mphekesera yakuti kubwera alendo a ku Sinodi.

Tinachoka ku Balaka m'mawa kulowera ku Liwonde. Kufikira chaka cha 1998 dera lonseli linali boma limodzi la Machinga, ndipo akuluakulu ena sanazolowerebe kuwatchula ngati maboma awiri. Tinaoloka Shire pa Kamuzu Barrage, mlatho wotseka madzi umene unamangidwa mu 1965, ndipo tinatenga msewu wa ku Nsanama ndi Ntaja, mapiri a Chikala akuoneka chapatali. Pa ulendowu maso athu sanali pa mapiri kapena pa minda. Tinali kuwerenga makoma.

Owerenga athu okondedwa, dziko la Machinga nlodzala ndi maina olembedwa. Imani pa mjigo, mudzapeza pa simenti dzina la bungwe kapena la banja lakutali limene linalipira okumba. Abale athu Achisilamu ndi ambiri kuno, ndipo mizikiti yambiri inamangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo lochokera ku Kuwait ndi maiko ena a Aluya. Pa makoma a ina mwa iyo pali mwala wolembedwa m'Chiarabu ndi m'Chingerezi. Pa sukulu pali chikwangwani, pa chipatala chikwangwani. Pa tchalitchi pali mwala wa pangodya wonena tsiku ndi dzina la mlendo wolemekezeka amene anadzatsegula nyumbayo. Akale anati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu sakamuka, pakuti dzina lake analigoba pa mwala.

Mwambo wolemba maina a opereka pa nyumba ya Mulungu ngwakale kwambiri, ndipo amene anaukometsa koposa ndi Akhristu a ufumu wa Byzantium. Ufumuwu unali mbali ya kum'mawa ya ufumu wa Roma. Likulu lake linali Constantinople, mzinda umene mfumu Constantine anaupatula mu 330, umene unagwa m'manja mwa Aturuki mu 1453, ndipo lero ukutchedwa Istanbul. Anthu ake ankalankhula Chigriki, chinenero cha Chipangano Chatsopano, ndipo mizinda ngati Efeso, Filipi ndi Tesalonika inali m'dziko lao.

Makoma a matchalitchi ao ankayambanso ndi laimu monga athu. Mmisiri ankasakaniza laimu ndi mchenga ndi mapesi oduladula, namata gawo la khoma limene akanatha kulimaliza lisanaume. Pamene khoma lili lonyowabe ankajambulapo ndi utoto wosungunula m'madzi, ndipo laimu pouma ankagwira utotowo kuti ukhale thupi limodzi ndi khoma. Nchifukwa chake zithunzi zina zakhala zaka 700 kapena 900 zikuonekabe. Utoto wambiri unali dothi chabe: lofiira ngati katondo wathu, lachikasu, ndi wakuda wochokera ku makala. Amayi a kwathu amene amakongoletsa khonde ndi dothi la mitundu itatu sakanavutika kuimva ntchito imeneyi. Utoto wobiriwira ngati thambo ndiwo unali wa mtengo wapatali, pakuti wabwino koposa unkachokera ku mwala wokumbidwa ku Afghanistan.

Zithunzi sizinkaikidwa mwachisawawa. Pamwamba penipeni, m'denga lozungulira ngati chikho chovundikira, pankakhala Khristu, Wolamulira zonse. Kutsogolo, pamwamba pa guwa, Mariya. M'munsi mwake nkhani za m'Uthenga Wabwino: kubadwa, ubatizo, mtanda, kuuka. Ndipo pansi pa zonse, pa msinkhu wa munthu woimirira, pankakhala mzere wa oyera mtima, maso ao akulu akuyang'ana osonkhana. Panali asilikali George ndi Demetrios atanyamula mikondo, mabishopu Basil, Nicholas ndi John Chrysostom atagwira mabuku, ndi asing'anga awiri, Cosmas ndi Damian, amene mbiri imati ankachiza odwala osalandira malipiro. Ena anali a mu Africa muno, monga Athanasius wa ku Alexandria ndi Antony wa m'chipululu cha Ejipito. Pambali pa mutu wa aliyense ankalemba dzina lake. Munthu wolowa m'nyumba yotere, ngakhale Lachitatu masana mulibe anthu, sankadziona ngati ali yekha.

Tsono pakati pa oyera mtima amenewa pankalowanso munthu wina amene sanali woyera mtima konse: wopereka ndalama.

Wotchuka mwa onse ndi Theodore Metochites, nduna yaikulu ya mfumu Andronikos II. Iye anakonzanso tchalitchi cha Chora mu Constantinople, ndipo ntchitoyo inatha cha m'ma 1321. Pamwamba pa khomo lolowera m'kati pali chithunzi chake, chopangidwa ndi timiyala ndi timagalasi tamitundumitundu. Wagwada pamaso pa Khristu, m'manja mwake wanyamula kachifanizo ka tchalitchicho ngati munthu wopereka nsengwa ya masika, ndipo dzina lake ndi udindo wake zalembedwa pambali. Koma chimene maso amayamba kuona ndi nduwira ya kumutu kwake, yaikulu kuposa mutu umene yavalidwapo. Ife tiyesa kuti munthu wogwada atavala chotere sanaiwale kuti iye ndani. Anthu a m'nthawi yake ankamuneneza kuti chuma chake chinachokera m'kugulitsa maudindo. Mu 1328 mfumu yake inachotsedwa pampando, nyumba yake yachifumu inafunkhidwa, ndipo iye anapirikitsidwa mu mzindamo. Patapita zaka ziwiri anamulola kubwerera, ndipo anakakhala m'nyumba ya amonke ya pa Chora pomwepo, anthu odzipatula kuti azipemphera, kumene anamwalira mu 1332. Pa zonse zimene anali nazo, chimene chinamulandira pomaliza ndi chimene anapereka. Kupatsa nkuika. Nyumbayo pambuyo pake inasanduka mzikiti, kenaka nyumba yoonetseramo zakale, ndipo mu 2024 inatsegulidwanso ngati mzikiti.

Ku Boyana, m'mphepete mwa mzinda wa Sofia ku Bulgaria, kuli katchalitchi kamene zithunzi zake zinajambulidwa mu 1259. Pa khoma pali mkulu wina dzina lake Kaloyan, atanyamulanso kachifanizo ka nyumbayo, ndi mkazi wake Desislava pambali pake. Achinyamata okonda masamu akondwera kumva kuti malemba a pamenepo sanena 1259 ai, koma 6767, pakuti anthu aja ankawerenga zaka kuyambira pa tsiku limene ankakhulupirira kuti dziko linalengedwa. Malemba otere kawirikawiri ankanena zinthu zomwezomwe: woyera mtima amene nyumbayo yatchedwa dzina lake, amene analipira, mfumu imene inali pampando, chaka, ndi pempho lakuti wowerenga amupempherere wopereka kuti machimo ake akhululukidwe. Pa mau otsirizawa ife Apresbiteriya tisiyana nao, pakuti chikhululukiro sichigulidwa ndi njerwa.

Koma amene anatigwira mtima si nduna kapena mafumu. Kum'mwera kwa dziko la Greece kuli dera lamiyala lotchedwa Mani, louma ndi losauka, kumene munda umakhala kachigawo kakang'ono pakati pa matanthwe. Kumeneko kuli timatchalitchi tating'ono, tina tosaposa nyumba ya banja limodzi, timene tinamangidwa ndi anthu a m'mudzi okhaokha. M'mudzi wa Kipoula, pa khoma la tchalitchi chojambulidwa mu 1265, pali mndandanda wa opereka ndi ndalama imene aliyense anaponya. M'mudzi wa Polemitas, m'tchalitchi cha Mikaeli mkulu wa angelo, malemba a mu 1278 akutchula anthu a m'mudzimo mmodzimmodzi pamodzi ndi mphatso zao: uyu kachigawo ka munda, uyu mitengo ya azitona. Alimi amenewa sanajambulidwe nkhope ngati Metochites. Ambiri a iwo sakanatha ngakhale kuwerenga maina aowo. Koma papita zaka zoposa 740, ndipo munthu angathe kulowa m'nyumba ija lero nadziwa kuti m'mudzimo munali yani ndi yani, ndi kuti anapereka chiani.

Kodi si momwemo m'mene nyumba zathu za kumidzi zimamangidwira? Mutu umodzi susenza denga. Abambo amaponda dothi ndi kuumba njerwa m'chikombole, amayi a Mvano amatunga madzi, achinyamata amatuta mchenga kumtsinje ndi kuchezera pa uvuni, wina amapereka lata limodzi, wina mbuzi, wina thumba la nandolo kapena mpunga wa ku dambo la Chilwa. Kusiyana kwake nkwakuti a ku Mani analemba.

Wina angati zimenezi nza Azungu. Iai. M'mbali mwa mtsinje wa Nile, kumpoto kwa dziko la Sudan, munali maufumu Achikhristu a anthu akuda a ku Nubia, amene analandira Uthenga m'zaka za m'ma 500 kuchokera ku Byzantium ndi Ejipito, zaka zoposa 1,300 amishoni a ku Scotland asanafike ku Blantyre mu 1876. Pamene damu lalikulu la Aswan linali kumangidwa, akatswiri a ku Poland otsogozedwa ndi Kazimierz Michałowski anakumba chulu cha mchenga pa malo otchedwa Faras kuyambira 1961 mpaka 1964. M'kati mwa chulucho anapezamo tchalitchi chachikulu, makoma ake ali ndi zithunzi zoposa 100, zina zitajambulidwa pamwamba pa zinzake. Mwala wa maziko ukunena, m'Chigriki ndi m'Chikoputi, kuti bishopu Paulos anamanganso nyumbayo mu 707, Merkurios ali mfumu. Pa khoma lina panali mndandanda wa mabishopu a pamalopo, wina pambuyo pa mnzake.

Pa zithunzizo pali chimodzi chimene tikanakonda mwana aliyense wa Sande Sukulu atachiona. Ndi cha bishopu Petros, amene anatumikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 900. Nkhope yake njakuda ngati yathu, ndipo kumbuyo kwake kwaima mtumwi Petro, manja ake ali pa mapewa a mnzake wa dzina. Akatswiri aja anamatula zithunzi pa makoma madzi asanafike. Zina zinapita ku Warsaw, kumene kuli cha Petros, ndipo zina zinapita ku Khartoum, ku nyumba yosungiramo zakale imene inaberedwa katundu wambiri pa nkhondo imene inabuka mu 2023. Faras mwini wake ali pansi pa madzi.

Nanga bwanji makoma athu ali oyera, opanda nkhope ya munthu? Achinyamata amafunsa funso ili, makamaka amene analowapo m'matchalitchi a Akatolika ku Balaka kapena ku Utale, kapena amene anafika ku Mua, m'boma la Dedza. Pa mishoni imeneyo, yoyambika mu 1902, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawatcha Achisale, anayambitsa malo a zosemasema ndi zojambula a KuNgoni mu 1976, ndipo makoma a kunja a nyumba ya Chamare anajambulidwa mbiri ya malowo. Yankho lake si umphawi, kapena kusowa amisiri.

Mkangano wa zithunzi unayambira ku Byzantium komweko. Cha m'ma 730, mu ulamuliro wa mfumu Leo III, boma linayamba kutsutsa zithunzi za m'matchalitchi potsata lamulo lachiwiri, ndipo zambiri zinapalidwa kapena kumatidwa. Amene anaziteteza mwamphamvu anali John wa ku Damascus, amene ankakhala m'dziko lolamulidwa ndi Asilamu, kumene dzanja la mfumu silikanamufikira. Iye ankati popeza Mwana wa Mulungu anavala thupi naoneka ndi maso, nkololeka kumujambula. Msonkhano wa ku Nicaea wa mu 787 unabweza zithunzi, mu 815 zinaletsedwanso, ndipo mu 843 mfumukazi Theodora anazibweza kotheratu. Makolo athu a Chikonzedwe cha Mpingo anaiona nkhaniyi mwina. Anaona anthu akugwadira ndi kupsompsona ntchito ya manja, ndipo anati Mulungu afuna kuphunzitsa anthu ake ndi Mau olalikidwa. Mu 1524, ku Zurich kwa Ulrich Zwingli, mafano ndi zithunzi zinachotsedwa m'matchalitchi ndipo makoma anapakidwa laimu. Mu 1559, John Knox atalalikira ku Perth ku Scotland, khamu la anthu linaswa zifanizo za m'matchalitchi a mumzindamo. Laimu wa ku Zurich uja ndiye anaoloka nyanja ndi amishoni, nafika ku Blantyre, ku Domasi mu 1884, ndi m'midzi ya Machinga. Ife sitichita naye manyazi. Khoma loyera limatumiza maso ku gome kumene kuli Buku.

Koma okonza Mpingo anakana zithunzi, sanakane kukumbukira. Apa mpamene tiyesa kuti tinataya mwana pamodzi ndi madzi a m'nsambidwe, kunena kwake, tinasesa ndi mbeu zomwe. Ku Blantyre mwana wa sukulu aliyense adziwa kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. Koma funsani pa msonkhano uliwonse maina asanu okha a anthu amene anaumba ndi kuotcha njerwa zake, muone m'mene anthu ayang'anirane.

Tidziwa chimene ena adzanena, ndipo ali ndi mfundo. Ambuye anaphunzitsa pa Mateyu 6 kuti zachifundo zichitike mseri, ndipo mkazi wamasiye wa pa Marko 12 sanatchulidwe dzina. Tonse taonapo zopereka za mpikisano, pamene dzina la wolemera limaitanidwa katatu pa chimkuzamau, wosauka naweramitsa mutu. Akhristu a ku Byzantium ankaidziwanso ngozi imeneyi. M'matchalitchi ena akale kwambiri muli malemba onena kuti mphatso iyi yachokera kwa munthu amene Mulungu adziwa dzina lake, osatchula kanthu kena. Koma Buku lomwelo lili ndi Nehemiya 3, mutu umene ambiri timaulumpha chifukwa ngwodzala maina. M'menemo alembamo amene anamanga linga la Yerusalemu, banja ndi banja, gawo ndi gawo: ansembe, osula golidi, opanga zonunkhira, ndi mkulu wina amene anagwira ntchito pamodzi ndi ana ake aakazi. Alembamonso kuti akulu a ku Tekowa anakana kugwira ntchito. Kudzilemba wekha nkwina, ndipo kulembedwa ndi mpingo umene ukuyamika nkwinanso.

Titapitirira Nsanama tinapatuka pa msewu wa tala, ndipo tinafika pa nyumba ina yopemphereramo ya mpingo wathu, ya njerwa zootcha ndi malata ofiira ndi dzimbiri. M'kati munali moyera bwino. Pa khoma la kutsogolo panali vesi lolembedwa ndi utoto wabuluu, bolodi la manambala a nyimbo, ndi kalendala. Mkulu wa mpingo amene anatitsegulira anationetsa mwala wa pangodya, ndipo unali ndi dzina limodzi, la mlendo amene anakhala pamalopo maola atatu. Titafunsa za buku la zopereka za nthawi yomanga, anati linalipo ndithu, koma linkasungidwa m'bokosi kunyumba kwa msungichuma, ndipo atamwalira iye anapeza chiswe chitadya masamba onse, chitasiya chikuto.

Tinakhala pa benchi panja, ndipo mkuluyo anayamba kutchula pamtima amene anamanga. Anatchula mmisiri wa njerwa, amene anali Msilamu wa m'mudzi woyandikana nao, ndipo anachotsako mtengo wa ntchito yake chifukwa mlongo wake anali wa mpingowu. Anatchula mnyamata amene anatumiza ndalama za malata kuchokera ku migodi ya ku Joni. Mayi wina wokalamba wa Mvano, amene anali kusesa pabwalo, anaika tsache pansi nabwera kudzakhala pa mkeka.

"Abambo, mwayamba ndi amuna okhaokha," anatero. "Kodi dothi lija linkapondedwa louma?"

Ndipo iye anatchula amayi amene ankapita kudambo nkhuku zisanatsike, ndowa pamutu, mwezi wathunthu. Ena anawatchula ndi maina a ubatizo, ena ndi a abambo ao monga achitira Ayao, ena ndi maina a ana ao oyamba. Mtsikana wina amene tinali naye anatulutsa kope la kusukulu nayamba kulemba, ndipo masamba awiri anadzala. Atawerenga mokweza, tinapeza kuti mwa onsewo amoyo anali ochepa, ndipo awiri mwa iwo anali okalamba amene tinakhala naowo.

Panatsala munthu mmodzi. Onse awiri anakumbukira mkazi wina wamasiye, wobwera kuchokera tsidya la Mozambique m'zaka za nkhondo ya kumeneko, amene analibe ndalama kapena mphamvu zosenza madzi. Kuseri kwa nyumba imene anapatsidwa kunali mtengo wa m'bawa, ndipo anauza akulu a mpingo kuti audule. Mkulu uja anatchula dzina lina, mayi uja anapukusa mutu natchula lina, ndipo anatsutsana mwaulemu kwa kanthawi osagwirizana. Mtsikana uja anasiya mzere wosalemba. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mkuluyo anaimirira kukatseka. Chitsekocho nchokhuthala, cha matabwa anai ofiirira, ndipo pochikoka anachita kugwira ndi manja awiri.